Usiku umene mwana wanga anafuna kusiya fizikisi

Masukulu atatsekera mu Disembala, mwana wanga wamkazi wa Fomu 3 anafika ndi lipoti lake n'kulisiya patebulo chafufumimba. Makolo anzanga mukudziwa, lipoti likagonekedwa chonchi ndiye kuti muli nkhani. Ndinalitembenuza. Chichewa bwino, Chingerezi bwino, bayoloje bwino kwambiri, masamu pakatikati. Pa fizikisi panali 38, yolembedwa ndi bolopeni yofiira.

Tsiku limenelo sindinanene kanthu. Nkhani inadzatuluka yokha patatha masiku atatu, madzulo ena kunja kutachita mdima wa mvula, magetsi atathima. Tinali pabalaza anthu anayi: ine, mayi ake, iyeyo, ndi agogo ake, mayi anga, omwe anabwera kuchokera kwathu ku Dedza kudzadya nafe Khirisimasi.

"Ababa, teremu ikubwerayi fizikisi ndiisiya," anatero, maso ali pansi. "Si ya ine. Atsikana anzanga ambiri anasiya kale. Mafunde, malamulo a mpweya, maginito, timangokopera pabolodi n'kuloweza basi. Sindiona n'komwe kumene zimagwira ntchito."

Mtima unandipweteka, chifukwa mawu amenewa ndinawanenapo inenso, nthawi ija phunziroli linkatchedwa Physical Science, fizikisi ndi kemisitiri zili mtolo umodzi. Ndinkaloweza, n'kulemba mayeso, n'kuiwala. Zinadzayamba kumveka ndili kale ndi ndevu. Komanso ndinadziwa chimene chitayike. Mwanayu chiyambire ku pulayimale amakamba za uinjiniya, ndipo khomo la uinjiniya, ngakhalenso la maphunziro ambiri a zaumoyo, limavuta kulitsegula ngati pa satifiketi ya MSCE palibe fizikisi.

Ndisanayankhe, kunja kunang'anima. Agogo anadzuka msangamsanga n'kuphimba galasi lapakhoma ndi chitenje. "Palibe wavala zofiira muno?" anafunsa. Ine ndinauza mwanayo kuti kukang'animanso awerenge masekondi mpaka bingu limveke. Kunang'anima. Anawerenga monyinyirika, atafika pa 9 bingu linagunda.

"Gawa ndi 3," ndinatero. "Mphenzi imeneyo yagwa makilomita atatu kuchokera pano."

Anandiyang'ana ngati ndaombeza ula. "Mwadziwa bwanji?"

"Zili m'buku lako lomwelo, pamutu wa mafunde."

Nkhani yake ndi iyi. Kung'anima ndi bingu zimabadwa nthawi imodzi, pamalo amodzi. Mphenzi ikamadutsa imatenthetsa mpweya wa m'njira yake kufika madigiri pafupifupi 30,000, kutentha koposa kasanu kwa pamwamba pa dzuwa. Mpweyawo umafufuma mwadzidzidzi, ndipo kuphulika kwakeko ndiye bingu. Tsono kuwala kumathamanga makilomita 300,000 pa sekondi imodzi, n'chifukwa chake kumatifika m'maso nthawi yomweyo. Phokoso ndiye limachita kukwawa, mamita pafupifupi 340 pa sekondi, kutanthauza kilomita imodzi pa masekondi atatu. Ndipo poti njira ya mphenzi ndi yaitali makilomita angapo, phokoso lochokera kumunsi kwake limayamba kufika, la kumtunda n'kumabwera pambuyo, lina n'kumabwezedwa ndi mapiri. Uku ndiye kugudubuzika kwa bingu kuja.

Kung'anima kotsatira anawerenga yekha osauzidwa. Zinakwana 6. Kenako 4. "Ababa, ikubwera kuno!" Anadzuka n'kukazula wailesi yakanema ndi tchaja cha foni kukhoma. Mwana yemweyu amene amati fizikisi ilibe ntchito.

Agogo anatiyang'ana kwa kanthawi, kenako anati, "Nanga ija yochita kutumiza mumaiwerenganso masekondi?" Tinaseka, koma funsolo silinali lanthabwala. Kumudzi mphenzi ikapha munthu, nthawi zambiri pamatsatira kulozana zala, ndipo olozedwa amakhala okalamba ngati mayi angawa. Ndinawayankha kuti, "Amayi, mphenzi ndi magetsi ofuna njira yofikira pansi. Imakonda chimene chatalika kuposa zinzake: mtengo woima wokha m'munda, munthu amene ali pakati pa dambo kapena pabwalo la mpira, msodzi amene ali m'bwato. Galasi siliikoka, nsalu yofiira siiikoka, ndipo dzina la munthu siilidziwa."

Koma ndinawauzanso kuti malamulo awo ena ndi oona ndithu. Osabisala mvula pansi pa mtengo, osaima pakhomo, osasamba kukugunda mabingu. Mphenzi ikagwa pamtengo, magetsi ake amafalikira m'nthaka yonyowa, kulowera mwendo uwu n'kutulukira winawo. N'chifukwa chake ng'ombe zobisala pansi pa mtengo zimafera limodzi, popeza miyendo yake yakutsogolo ndi yakumbuyo ili motalikirana. Foni yam'manja payokha siiitana mphenzi, choopsa n'kuigwira ili pa tchaja cholumikizidwa kukhoma. Galimoto imateteza chifukwa cha chitsulo chake chimene chimazunguza magetsi kunja, si chifukwa cha matayala ngati mmene ambiri timanenera. Akatswiri amalangizanso kudikira mphindi 30 chimvekere bingu lomaliza musanatuluke. Ndipo ichi ndichinene motsindika: munthu woombedwa ndi mphenzi sasunga magetsi m'thupi. Mugwireni, muone ngati akupuma, muthamange naye kuchipatala. Alipo amene akanapulumuka anthu akanapanda kuopa kuwakhudza.

Mvula itayamba kukhuthuka, ndinaganiza zowakokera agogo kumbali yathu. "Amayi, oimba ng'oma amaiwambiranji pamoto gule asanayambe?"

"Aa, funso lanji limenelo? Kuti chikopa chikungike, ng'oma ilire mokweza."

"Nanga phula lija amamata pakati?"

"Limenelo ndi loti ilire mwa besi, mawu atsike."

Ndinatembenukira kwa mdzukulu wawo. "Wamva? Agogo ako aphunzitsa mutu wonse." Chikopa chokungika chimanjenjemera kambirimbiri pa sekondi, ndiye mawu amakwera. Chikalemedwa ndi phula chimanjenjemera pang'onopang'ono, mawu amatsika. Kuchuluka kwa kunjenjemerako pa sekondi ndi kumene buku limatcha frequency. Chikopacho chimakankha mpweya woyandikana nacho, umenewo n'kukankha unzake, mpaka kufika kukhutu kwa munthu wa kutsidya kwa mtsinje. Mpweyawo suchoka pang'oma kupita kukhutu ayi. Zili ngati ukaponya mwala padziwe: mafunde amapita mpaka m'mphepete, koma tsamba loyandama limangovina pamalo pomwepo. Chimene chimayenda ndi mphamvu.

Agogo anawonjezera okha kuti ng'oma za mudzi wakutali zimamveka bwino usiku kuposa masana. N'zoona, ndipo chifukwa chake si bata lokha. Usiku mpweya wapansi umazizira pomwe wam'mwamba umakhala wofundirapo. Phokoso limathamanga kwambiri mumpweya wofunda, motero funde limene limati lithawire kumwamba limakhotera pansi n'kukatera kutali.

Apa mwanayo anayatsa tochi n'kutsegula kope lake pamene panalembedwa v = fλ, chinthu chimene anachiloweza osachimva. Ndinati tiyese ndi wailesi. Siteshoni imene ili pa 100 pa FM imatumiza mafunde onjenjemera ka 100 miliyoni pa sekondi, ndipo mafunde a wailesi amathamanga liwiro la kuwala, mamita 300 miliyoni pa sekondi. Anagawa. "Atatu. Mamita atatu?" Eya, funde limodzi la siteshoni imeneyo ndi lalitali mamita atatu, ngati kuchoka pampando uwu kufika pachitseko. Anayang'ana chitsekocho ngati achiona koyamba.

M'mawa mwake nkhani inasamukira kukhichini, ndipo woiyambitsa anali mayi ake. Mkazi wanga kwawo ndi ku Chikwawa. Atangofika ku Dedza ali mtengwa watsopano, anatereka nyemba nthawi imene anazolowera kwawo, koma pofika masana zinali gwa. Azilamu ake anamuseka mpaka lero. Tsono m'mawa umenewo anafunsa mwachipongwe kuti, "Nanga fizikisi yanuyo ikutinji za nyemba zanga zija?"

Ikunenapo ndithu. Mpweya umene watizungulirawu uli ndi kulemera, ndipo umapanikiza chilichonse, ngakhale madzi a mumphika. Madzi amawira pamene nthunzi yake yapeza mphamvu zogonjetsa kupanikizako. Ku Chikwawa ndi kuchigwa, mpweya wopanikiza ndi wambiri, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 100. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, mpweya ndi wopepukirapo, madzi amawira pa madigiri pafupifupi 95. Pansonga ya Sapitwa paphiri la Mulanje, mamita 3,002, amawira cha pa 90. Madzi akayamba kuwira satenthanso kuposa pamenepo, ngakhale musonkhezere nkhuni za mtolo wonse. Ndiye nyemba za ku Dedza zimaphikidwa ndi madzi osatentha kwenikweni, n'chifukwa chake zimachedwa. Poto wa presha amachita zosiyana: amatsekera nthunzi mkati, kupanikiza kumakwera, madzi amafika madigiri pafupifupi 120, nyemba n'kupsa msanga, makala n'kupulumuka. Mkazi wanga anaomba m'manja. "Amayi, mwamva? Silinali vuto langa!" Apongozi ake anangoti, "Kaya, zanu izo."

Malamulo a mpweya amene ana athu amaloweza ali ponseponse. Tsekani kabowo ka pampu ya njinga ndi chala, mukanikize mpaka theka: mpweya ukukankhani kawiri kuposa poyamba. Limenelo ndi lamulo la Robert Boyle, la mu 1662. Funsani wakabaza chifukwa chake sapopa tayala mpaka gwa m'mawa wa mu Okutobala. Mpweya ndi tinthu ting'onoting'ono tothamangathamanga, ndipo tikatenthedwa timamenya khoma la chubu mwamphamvu ndiponso pafupipafupi. Ndinampatsa mwanayo samu: tayala lapopedwa kukuzizira madigiri 20, masana pa tara latentha kufika 50. Poyamba anati kupanikiza kukwera kawiri ndi theka. Kenako anakumbukira yekha kuti pa malamulo amenewa umayamba wawonjezera 273. Zinakhala 293 ndi 323, kukwera kwa gawo limodzi mwa magawo 10. Kwa chubu chakale chazigambazigamba, chitanyamula munthu ndi thumba la chimanga, zimenezo n'zokwanira kuti chiphulike. Lamulo lomwelo ndi limene limaphulitsa chitini cha mankhwala opopera udzudzu chikaponyedwa kudzala loyaka moto. Ana azidziwa zimenezi.

Pali nkhani ina imene ndinali ndisanawauzepo ana anga, ndipo tsiku limenelo ndinainena. Ndili Fomu 4 ndinkachita lendi kachipinda ndi mnzanga pafupi ndi sukulu. Usiku wina wa mu Juni, kuzizira kwa ku Dedza kutafika m'mafupa, tinalowetsa mbaula m'chipindamo, n'kutseka mipata ya chitseko ndi zenera ndi masanza. Tinawerenga pang'ono, tulo n'kutitenga. Ndinadzidzimuka mutu ukuwawa ngati wang'ambika. Ndinati ndidzuke, miyendo inakana. Ndinamuitana mnzangayo, osayankha. Chimene ndinatha n'kumenya chitseko ndi mbale, mpaka mayi eni nyumba anamva, n'kuthyola loko, n'kutikokera panja. Mnzangayo anatsitsimukira kuchipatala. Anthu ena anati tatsirikidwa ndi anzathu ansanje poti mayeso anali pafupi.

Sitinalodzedwe. Makala akamayaka pamalo opanda mpweya wokwanira amatulutsa mpweya wa carbon monoxide. Suoneka, sununkha, sutsokomoletsa. Umafalikira chipinda chonse mwakachetechete monga umachitira mpweya uliwonse, ndipo magazi amaugwira mwamphamvu kuposa oxygen ka 200 n'kupitirira. Munthu amamva mutu, chizungulire, nseru, kufooka, kenako tulo tosadzuka nato. Makala amene ayaka bwino mpaka kufiira, opanda utsi, ndi oopsabe. Mbaula isagone m'nyumba, ndipo jenereta isalire m'nyumba kapena pafupi ndi zenera. Kwa amene mukuphikira gasi wa m'masilinda, dziwani kuti iyeyo ndi wolemera kuposa mpweya wamba, akamadontha amadzikundika pansi. Mukamva fungo lake, tsekani silinda, tsegulani zitseko, musayatse machesi ndipo musakhudze switchi ya magetsi.

Nditamaliza, agogo anali chete. Iwo anauzidwa kuti anali malungo. Kenako anati, "Ine chaka chino mu Juni ndalowetsa mbaula kangapo." Mdzukulu wawo ndi amene anawagwira dzanja n'kuwalonjezetsa kuti sadzachitanso.

Za maginito zinabwera ndi njinga ya malemu bambo anga. Inali ndi dayinamo, kabotolo kachitsulo kotsamira tayala lakumbuyo. Akamatsika mtsetse nyali inkawala ngati ya galimoto, pachitunda inkangoti phethiphethi, akaima inkazima. Ndili mwana ndinkaganiza kuti m'kabotolomo muli mabatire. Muli maginito ndi waya wokulungidwa basi. Tayala likamazunguza maginitoyo pafupi ndi wayayo, magetsi amabadwa, ndipo likazungulira mwachangu amachuluka.

Mu 1820, Hans Christian Ørsted wa ku Copenhagen anaona kuti singano ya kampasi imagwedezeka ikakhala pafupi ndi waya wodutsa magetsi. Apo anthu anadziwa kuti magetsi amabala mphamvu ya maginito. Mu 1831, Michael Faraday ku London anasonyeza kuti zimathekanso mobwerera: maginito oyenda pafupi ndi waya amabala magetsi. Faraday ameneyu anali mwana wa wosula zitsulo, sukulu sanapite nayo patali, ndipo sayansi anaiyamba powerenga mabuku amene ankawasoka zikuto ali wophunzira ntchito.

Zimene anapezazo ndi zimene zikuyatsa nyumba zathu. Pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, kumene makina oyamba anayamba kugwira ntchito mu 1966, komanso ku Tedzani ndi ku Kapichira, kuli madayinamo akuluakulu, kungoti m'malo mwa mwendo wa munthu wopalasa pali madzi. N'chifukwa chake madzi akachepa mu Shire, kapena zinyalala ndi matope zikatseka makina, magetsi amachepa dziko lonse, ndipo mitengo imene timadula kumtunda imatizimitsira nyali kutauni. Mathiransifoma nawo ndi nzeru yomweyo ya Faraday: mawaya awiri okulungidwa pachitsulo chimodzi. Ena amakweza mphamvu kufika mavolti masauzande ambirimbiri kuti magetsi ayende ulendo wautali osatayika ngati kutentha m'mawaya, ena amaitsitsa kufika pa 230 imene imalowa m'nyumba. Mwana amene wamvetsa zimenezi sangakwere pa thiransifoma, sangagwire waya wogwa pansi mvula itagwetsa mtengo, ndipo sangalole kulumikiza magetsi mwachinyengo ndi waya wokwiriridwa m'dothi mmene ana anzake amaseweramo.

Madzulo ake tinatenga msomali wa mainchesi anayi, waya wopyapyala wokutidwa, ndi mabatire awiri a tochi. Anakulunga wayayo pamsomali maulendo 20, msomali unanyamula maphini awiri. Anakulunga maulendo 60, unanyamula mulu. Atachotsa batire, ambiri anagwa. Waya unatentha, anaphunzira kusausiya wolumikiza nthawi yaitali. Mukafuna kuyesa zimenezi kunyumba, gwiritsani mabatire a tochi okha, soketi yakukhoma ayi ndithu. Agogo anapempha kuti nawonso agwireko, ndipo anaseka ngati kamtsikana.

Ndinamukumbutsanso za William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu. Njala ya 2001 ndi 2002 itamuchotsa pasukulu chifukwa chosowa fizi, ankapita kulaibulale yaing'ono, n'kumayang'ana zithunzi m'mabuku a sayansi. Ali ndi zaka 14 anamanga makina oyendera mphepo pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugamu, zitsulo zotayidwa ndi dayinamo ya njinga, n'kuyatsa nyali kunyumba kwawo. Anthu ankati wapenga. Nkhani yake inatuluka m'buku mu 2009 ndi mufilimu mu 2019. Mwana wanga anayankha kuti, "Komatu iyeyo ndi mnyamata." Mayi ake ndi amene anamudula: "Msomali uja wakufunsa ngati ndiwe mnyamata usananyamule maphini?"

Sindikunena kuti masiku atatu a tchuthi angakonze zonse. Masukulu ambiri alibe zipangizo zokwanira, kalasi imodzi ana ndi ochuluka, ndipo mphunzitsi amathamangira kumaliza silabasi. Masamu a fizikisi amafunabe kukhala pansi ndi pensulo tsiku ndi tsiku. Koma mbali ina ndi yathu makolo. Sitifunika digiri kuti timufunse mwana chifukwa chake chivundikiro cha mphika chimavina, kapena chifukwa chake mawu amabwerera ukafuula kuphiri. Ngati yankho simukulidziwa, muuzeni akalifufuze m'buku lake adzakuphunzitseni. Safunsa anadya phula. Ndipo mawu aja akuti "sayansi ndi ya anyamata" kapena "kwathu kuno masamu sitikhoza" tisawanene pamaso pa ana, chifukwa amawasunga.

Masukulu atatsegulira mu Januwale, mwana wanga sanalembetse zosiya. Wati ayesanso teremu imodzi, ndipo wapeza anzake awiri owerenga nawo Loweruka. Kaya lipoti likubwerali ligonanso chafufumimba, tidzaona. Agogo anabwerera ku Dedza. Galasi akuphimbabe kukang'anima, ndipo ine ndasiya kulimbana nawo, poti chitenje pagalasi sichinaphepo munthu. Sabata yatha anaimba foni kufuna mdzukulu wawo. Amati amuuze kuti dzulo lake anawerenga mpaka 12, ndiye amafunsa ngati makilomita ake ndi anayi.